Njoka yoweta ikakana kudya

 Ndaona ena mwakhala chakukhomo, mwina poganiza kuti ndabwera ndi njoka m'chikwamamu. Khalani mosatekeseka, lero ndanyamula mawu okha.

Njoka imene tikambirane ambiri mwaiona pa foni, ndipo mmodzimmodzi mwa achinyamata athu ali nayo kunyumba. Ogulitsa ziweto amaitcha ball python, akatswiri amati Python regius. Ndi mtundu wa nsato, koma yaing'ono: ikakula imangofika mita imodzi, mwina mita ndi theka. Ilibe ululu. Ikaopa siluma kawirikawiri, imangodzikulunga n'kubisa mutu pakati. Kwawo ndi kuzambwe ndi pakati pa Africa, kuyambira ku Senegal kudutsa Ghana, Togo, Benin, Nigeria ndi Cameroon mpaka ku Uganda. M'tchire la Zimbabwe mulibe, ku Malawi kulibenso.

Tisaisokoneze ndi nsato yathu yakuno, ija imameza mbuzi. Imeneyo ndi Python natalensis, ndipo amene anasonyeza mu 1999 kuti ndi mtundu pawokha ndi malemu Donald Broadley, katswiri wa njoka amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Natural History Museum ya ku Bulawayo. Lamulo la Parks and Wild Life Act la 1975 linaika nsato m'gulu la nyama zotetezedwa mwapadera, ndipo anthu akhala akumangidwa chifukwa chopezeka ndi nsato kapena chikopa chake. Choncho munthu akakubweretserani mwana wa nsato wotola kumunda n'kumati woweta, kanani. Yakunjayinso ili pansi pa pangano la mayiko la CITES, lija msonkhano wake waukulu unachitikira mu Harare muno mu 1997, ndipo siilowa m'dziko popanda zikalata. Wokugulitsani akuonetseni mapepala, ndipo inu mukafunse a ZimParks, oyang'anira nyama zakutchire, musanatulutse ndalama.

Tsono dandaulo la oweta njokayi, kaya ali ku London kaya ku Johannesburg kaya kuno, ndi limodzi: yasiya kudya. Mwezi watha, wachiwiri ukutha, khoswe sakumuyang'ana n'komwe. Mwini wake tulo osabwera.

Ife kwathu mlendo akakana nsima mtima suukhala m'malo. Timati mwina wadwala, mwina tamulakwira, mwina ndiwo sizinakome, ndiye timathamangira kugwira nkhuku, kumukakamiza kuti angolawako. Ndi khalidwe labwino pa munthu mnzathu. Tikapita nalo pa njoka, ndi limene limaidwalitsa, chifukwa thupi lake silinapangidwe ngati lathu.

Munthu, galu, nkhuku, tonsefe timadzitenthetsa tokha kuchokera m'kati, ndipo chakudya chambiri chimene timadya chimathera pa ntchito imeneyi. Njoka kutentha imakutenga kunja, padzuwa kapena panthaka yofunda. Ikangokhala phee m'dzenje mwake imawononga mphamvu yochepa kwambiri. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri awiri a ku America, Stephen Secor ndi Jared Diamond, anafufuza nsato za ku Burma ndipo anapeza kuti nsato ikakhala osadya matumbo ake amafota, m'mimba mumaleka kupanga asidi wogayira chakudya. Ikameza nyama, zonsezo zimadzuka m'masiku awiri okha: matumbo amakula, kapumidwe kamakwera kambirimbiri, thupi lonse lili pa ntchito yogaya. Kwa nsato kudya ndi chintchito cholemetsa, chimene imangochiyamba ikaona kuti ichimaliza. Kusadya ndiko kukhala kwake kwa masiku onse.

Umboni wina uli pafupi, kutsidya kwa Limpopo. Pulofesa Graham Alexander wa ku yunivesite ya Witwatersrand anatsata nsato zathu zomwezi m'nkhalango ya Dinokeng, kumpoto kwa Pretoria, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2018. Nsato yaikazi ikakhala ndi mazira imatha miyezi yoposa 6 osadya kalikonse. Imafungatira mazirawo, kenako n'kukhala ndi ana ake pafupifupi milungu iwiri ataswa, ndipo pofika nthawi imeneyo imakhala itataya pafupifupi 40 peresenti ya kulemera kwake. Palibe amene amaimana chakudya. Agwape ndi mbira zilipo m'tchiremo. Ndi yokha imene imasiya. Inu amene njoka yanu yatha milungu isanu osadya, ikani mtima pansi kaye.

Sindikunena kuti muzingoyang'ana. Kukana kwina n'kwachibadwa, kwina kukukuuzani kuti pakhomo panu pali cholakwika, ndipo kuno ku Rugare cholakwika choyamba ndi chisanu.

Mzinda wa Harare uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. M'miyezi ya Juni ndi Julaye usiku kumazizira mpaka madigiri 7, masiku ena kutsikirapo, ndipo mphepo yake imakhala youma mpaka milomo kung'ambika. Njoka yoweta ija inachokera kumene usiku kumafunda kuposa kuno, ndipo masana imabisala mu una wa mbewa kapena m'chulu, mofunda ndi monyowa bwino. Nyumba zathu zino munazidziwa kale. Zinamangidwira antchito a njanji nthawi ya Rhodesia Railways, makolo athu amene anachoka ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique n'kumalawirira m'mamawa kuntchito ku Lochinvar. Anazimangira anthu okhala ndi mabulangete. Pansi pa simenti mu Julaye ngakhale inu simupondapo opanda nsapato, ndiye wina n'kuikapo bokosi la njoka.

M'bokosilo mbali imodzi iyenera kufunda madigiri 31 kapena 32, mbali inayo pafupifupi 26, kuti njoka izisankha yokha pokhala. Usiku kusatsike kupitirira 23 kapena 24. Chinyezi chikhale cha m'ma 60 peresenti. Zimenezi siziyezedwa ndi dzanja. Dzanja lanu n'lofunda kale, lidzakunamizani. Gulani choyezera kutentha, muike nsonga yake pansi penipeni pamene mimba ya njoka imagunda. Kamphasa kamagetsi kotenthetsa kamene amaika pansi pa bokosi kakhale ndi thermostat, chida chimene chimadula moto kutentha kukakwana, chifukwa njoka imatha kugona pamalo otentha kwambiri mpaka mimba kupsa, iyo osasuntha.

Apa ndaona ena mukumwetulira, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Magetsi ake ati? Mukukumbukira 2019, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo magetsi ankathima mpaka maola 18 pa tsiku. Kumapeto kwa 2022 zinabwereranso. Mabuku ndi makanema ambiri ophunzitsa kuweta njokazi anapangidwa ndi anthu amene magetsi kwawo sathima, ndiye nkhani imeneyi saikhudza. Kuno ndiyo nkhani yaikulu. Njoka ikameza khoswe imafuna kutentha kosadukiza kwa masiku angapo kuti imugaye. Kukazizira ntchito yogaya imaima, koma khosweyo saima kuwola. Amafufuma m'mimbamo, njoka n'kusanza, ndipo kusanza kumaivulaza kummero ndi kuifooketsa koposa kusadya kwa miyezi iwiri. Tsono njoka imene ili m'bokosi lozizira ikakana khoswe wanu, yachita mwanzeru kuposa inu amene mwamubweretsa. Ikudziteteza.

Chochita n'chiyani? Bokosi lichoke pansi, likhale pathebulo, kutali ndi zenera ndi khomo. Kutani m'mbali ndi pamwamba ndi bulangete kapena makatoni, n'kusiya mabowo olowera mpweya. Magetsi akathima, botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo liikidwe cha mbali imodzi, ndipo muzilisintha likazizira. Amene muli ndi sola ndi batire, kamphasa kaja kamadya moto wochepa, wocheperapo kuposa wa wailesi yakanema, ndiye kalumikizeni kumeneko. Koma mbaula ayi. Mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha anthu chaka ndi chaka nyengo yachisanu, ndipo sungasiye njoka. Mukaona kuti sabata ino simungathe kusunga kutentha, musaipatse chakudya sabata ino. Yaikulu yathanzi idikira.

Zifukwa zina ndingozidutsa mwachangu. Njoka ikayandikira kufundula khungu limachita mbuu, maso n'kuoneka otuwa ngati a nkhungu, ndipo sioona bwino. Pamenepo zambiri sizidya. Dikirani ifundule. Yaimuna ikakhwima, nyengo yofuna yaikazi ikafika, imatha miyezi itatu kapena inayi, nthawi zina kuposa apo, ilibe nazo ntchito za chakudya. Yaikazi yokhala ndi mazira chimodzimodzi. Ndiye pali ina yonenepa kale chifukwa mwini wake ankaidyetsa mopitiriza, imeneyo ikungopuma.

Koma pa mantha ndiime pang'ono. Njokayi ndi yamanyazi kwambiri. Kwawo imatha tsiku lonse mumdima, thupi litagunda makoma a una mbali zonse, n'kutuluka usiku. Ife timagula bokosi lagalasi loonekera mbali zonse kuti anzathu aziona, n'kuliika pabalaza pamene pali wailesi, ana akuthamanga, chitseko chikumenyetsedwa. Njoka ilibe makutu akunja koma kunjenjemera kwa pansi imakumva bwino, ndipo sipika ya nyimbo ili pathebulo lomwelo kwa iyo ndi chivomezi chosatha. Ipatseni pobisala pawiri, kumbali yofunda ndi kumbali yozizirirapo, pothina moti ikalowa izidzaza. Mphika wadothi wovundikira wobooledwa pambali umagwira bwino ntchito imeneyi, ngakhale kabeseni kapulasitiki kakuda. Yongofika kumene isiyeni milungu iwiri osaigwira. Ndipo achimwene, kuitulutsa tsiku ndi tsiku kuti mujambule nayo zithunzi za pa Facebook itazinga m'khosi, kenako n'kumadabwa kuti siikudya, kumeneko n'kudzipusitsa. Nthawi yonse imene ikukana chakudya, manja anu atalikire.

Chida chimene ndimachikhulupirira kuposa zonse ndi sikelo yakukhitchini, yowerenga magalamu, pamodzi ndi kope la sukulu. Kamodzi pa mwezi ikani njoka m'kathumba ka nsalu, muiyeze, mulembe tsiku ndi kulemera. Mulembenso tsiku limene munaipatsa chakudya, chimene munaipatsa, ngati inadya, tsiku limene inafundula, ndi kutentha kwa m'bokosi m'mamawa. Maso a munthu wodera nkhawa amaona kuonda pamene palibe. Sikelo ilibe nkhawa. Njoka ya magalamu 1,500 imene yatha miyezi itatu osadya n'kutsika ndi magalamu 40 okha ili bwinobwino. Ikataya gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kapena fupa la msana likayamba kutuluka thupi n'kuoneka lansonga pamwamba, nkhani yasintha.

Tsono kaperekedwe ka chakudya. Cholakwa chofala n'kuyesa kawirikawiri: lero khoswe, mawa khoswe, mkucha mwanapiye. Kuyesa kulikonse kumaiwonjezera mantha. Ikakana, dikirani masiku 10 kapena 14. Perekani usiku, nyali zitazima, m'nyumba muli zii. Khosweyo asaposere kunenepa kwa njokayo pakati pake, ndipo pa njoka imene yakhala nthawi osadya yambani ndi wocheperapo. Ngati ndi wa mufiriji, asungunuke yense mpaka m'kati, kenako mumufunditse m'madzi ofunda ali m'pepala lapulasitiki, makamaka kumutu. Pamlomo wapamwamba wa njokayi pali timabowo timene timamva kutentha kwa nyama mumdima, ndiye khoswe wozizira kwa iyo sali chakudya. Mugwireni ndi chopanira chachitali, osati ndi zala, mumugwedeze pang'ono patsogolo pa pobisalira pake. Osamumenyetsa kumaso kwake. Ikapanda kugwira, musiyeni pakhomo pa mphika uja, muchoke, mukaone m'mawa. Zambiri zimadya pamene palibe woziyang'ana. Akakhalapobe m'mawa, tayani, musamubwezere mufiriji. Ndipo poti firiji zathu zimazima ndi magetsi, nyama imene yasungunuka n'kuumanso kangapo musaipereke.

Pali chinthu china chimene chimandisangalatsa. Oweta a ku Ulaya ndi ku America njoka zawo zikavuta amalipira ndalama zambiri kugula mbewa ina yake ya ku Africa, imene akatswiri amaitcha Mastomys natalensis, chifukwa ndi imodzi mwa nyama zimene njokayi imadya kwawo ndipo fungo lake imalidziwa. Agogo muli pano mbewa imeneyi mukuidziwa bwino. Ndi kapuku, yemwe uja anyamata amagulitsa pa mpani m'mbali mwa msewu wa Lilongwe kupita ku Blantyre. Azungu akuitanitsa ndi ndalama chimene ife tinakulira kukumba m'mapesi. Njoka yokana khoswe woyera nthawi zambiri imagwira kapuku, kungoti ikamuzolowera zimavuta kuibweza. Enanso amapaka khoswe fungo la mwanapiye, chifukwa kwawo njokazi, makamaka zazimuna, zimakwera m'mitengo kukagwira mbalame.

Koma musathamangire kukatchera misampha kuseri kwa nyumba kapena m'minda ya m'mbali mwa njanji. Khoswe wa m'komboni amadya za m'ngalande ndi za kudzala, ali ndi nyongolotsi ndi nthata, ndipo simudziwa ngati dzulo sanadye mankhwala a makoswe amene anansi anathira. Poizoni ameneyo amalowa mwa njoka. Chakudya chake chichokere kwa oweta mbewa, kapena muziweta nokha m'khola laukhondo. Ndipo khoswe wamoyo musamusiye m'bokosi inu n'kukagona. Njoka yosafuna kudya siimupha, imangodzikulunga, ndiye khoswe wanjala amayamba kuiteketa msana mpaka fupa kuonekera. Madokotala a zinyama amaziona zilonda zoterezi kawirikawiri.

Zokanula njoka kukamwa n'kukankhiramo chakudya ndi kamtengo, zimene mumaona m'makanema, musayese. Mungaithyole mano, kuing'amba kummero, ndipo ikapulumuka imaopa chakudya kuposa kale. Imeneyo ndi njira yomaliza, ya dokotala, pa njoka imene ikufa.

Nanga dokotala mumufuna liti? Mukamva kakulira kapena kuliza mluzu ikamapuma, mukaona thovu kapena mamina pamphuno ndi pakamwa, kapena ikamakhala itatukula mutu kukamwa kuli yasa, chimenecho ndi chifuwa, ndipo kuno chimabwera ndi chisanu chomwe chija. M'kamwa mukafiira kapena kutuluka mafinya, ndi matenda. Ikamangokhala m'mbale ya madzi, yang'anani timadontho takuda toyenda pakhungu ndi kuzungulira maso, ndi nthata zoyamwa magazi. Ikasanza, musaipatsenso kanthu kwa milungu iwiri, ndipo ikabwereza pitani nayo. Komanso zonse ndanena za kudikira miyezi n'za njoka yaikulu. Kamwana kongoswa kumene kalibe mafuta osungira. Kamayamba kudya kakafundula koyamba, kenako kamafuna chakudya sabata iliyonse, ndipo kakatha mwezi osadya funani thandizo. Si dokotala aliyense wa agalu ndi ng'ombe amene amadziwa njoka, ndiye funsani kaye. Ku University of Zimbabwe, ku Mount Pleasant, kuli sukulu ya madokotala a zinyama, ndipo anthu a ku Snake World, pamsewu wa ku Bulawayo, amakhala ndi njoka tsiku ndi tsiku.

Ndikudziwa chimene chimaletsa ambiri kufunsa. M'dera ngati lino, mpanda ndi mpanda kugundana, munthu akamveka kuti ali ndi njoka m'nyumba, mawa pampopi nkhani ndi yoti wakhwima, njokayo imamusanzira ndalama. Ikakana kudya ndiye amati ikufuna magazi a m'bale. Mnyamata amaopa, n'kubisa njoka yodwala kunsi kwa bedi mpaka kufa. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna. Makolo anga, mantha anuwo sindikuwanyoza, pakuti mamba ndi mphiri zimaphadi anthu, ndipo mwana amene amathawa njoka iliyonse munamulera bwino. Koma kumbukirani kuti kwathu nsato sinali ya afiti okha. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, Amang'anja amakhulupirira kuti Mbona amabwera kwa mkazi wake Salima ngati nsato. Ku Msinja, kwa Makewana, kunali Thunga, njoka ya mvula. Ndipo njoka yomweyi tikukambayi, mumzinda wa Ouidah ku Benin ili ndi kachisi wake, anthu amailemekeza, ikalowa m'nyumba amainyamula bwinobwino n'kuibweza. Ine ndimati mnyamata woweta njoka auze makolo ake ndi eni nyumba poyera, aonetse zikalata zake, bokosi likhale lotseka ndi loko kuti isakapezeke m'khitchini mwa eni ake, ndipo azisamba m'manja ndi sopo akaigwira, chifukwa njoka zimanyamula tizilombo ta salmonella toyambitsa kutsegula m'mimba, makamaka kwa ana aang'ono. Chobisa ndicho chimabala mphekesera.

Kwa inu amene simunagule koma mtima ukufuna, mawu anga ndi olimba pang'ono. Njokazi zatumizidwa kunja mamiliyoni kuchokera ku Ghana, Togo ndi Benin, zambiri zoswedwa kuchokera ku mazira otengedwa kutchire, ndipo zogwidwa zili zazikulu ndizo zimavuta kwambiri kudya, zina sizizolowera mpaka kufa. Funsani wogulitsa ngati inaswedwa pakhomo, imadya chiyani, inadya liti komaliza. Akamazemba mafunso amenewa, bwererani ndi ndalama zanu. Dziwaninso kuti imakhala zaka 20 mpaka 30. Ku St. Louis Zoo, ku America, ina inaikira mazira 7 mu 2020 ili ndi zaka pafupifupi 62. Mukaigula muli ndi zaka 20, ana anu adzaipeza. Ngati mulibe njira yosungira bokosi lofunda usiku wa Julaye magetsi atathima, musagule. Wetani nkhunda kapena akalulu.

Amene muli nayo kale yodwala ndipo mukupita nayo kwa dokotala, iikeni m'kathumba ka nsalu komanga bwino pakamwa, kathumbako mukaike m'katoni pamodzi ndi botolo la madzi ofunda lokulunga, ndipo nyamukani dzuwa litakwera, osati m'mamawa. Mu kombi katoniyo ikhale pamiyendo panu, yotseka, musaitsegule kuti muonetse aliyense. Tengani kope lija, ndipo ngati yachita chimbudzi posachedwa, chikulungeni m'pepala lapulasitiki mupite nacho, dokotala akachiyeze nyongolotsi. Tsopano amene muli ndi mafunso, kwezani manja, tiyambe ndi amayi ali kumbuyoko.